Mwatibwezera ana, nanga tiwatani?

Funso limeneli adandifunsa ndi agogo ena pamjigo, sabata yachiwiri chitsekereni sukulu chifukwa cha mliri wa korona mu 2020. Adatula ndowa yawo pansi n'kundiyang'ana m'maso. "Madamu, mwatibwezera ana. Nanga tiwatani?" Ndidayankha zomwe tonse tinkayankha masiku amenewo, kuti ndi masabata owerengeka chabe, matendawa akangodutsa belu lilira. Iwo adangoti, "Chabwino," n'kusenza madzi awo. Belu ndinkanenalo lidadzalirira ana a m'kalasi mwanga patapita miyezi 6 ndi theka.

Ndimaphunzitsa Sitandade 3 pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Dedza, mbali ya ku Bembeke, komwe mphepo ya mu Juni imalowa mpaka m'mafupa. Chaka chimenecho m'kaundula mwanga mudali ana 118. Lachisanu pa 20 Malichi, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo sukulu zonse zitsekedwe kuyambira Lolemba pa 23. Nthawi imeneyo n'kuti m'Malawi musadapezeke ndi mmodzi yemwe wodwala korona. Atatu oyamba adadzapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Kwa makolo akuno, matendawo adali nkhani ya pawailesi, ya anthu okwera ndege. Chomwe ankachiona ndi maso n'chakuti mwana wadzuka m'mawa, alibe kopita.

Lolemba lotsekeralo aphunzitsi tidapitabe kusukulu. Tidasonkhanitsa mabuku onse, kuwawerenga limodzilimodzi, kuwaika m'makabati, n'kukhoma loko. Tinkaona ngati tachita zanzeru, chifukwa buku ndi katundu wa boma, ndipo likasowa wofunsidwa ndi mphunzitsi. Mpaka lero ndikakumbukira loko uja mtima umandiwawa. Ana adapita kwawo chimanjamanja, mabuku n'kutsala m'chipinda cha mdima miyezi iwiri yathunthu.

Epulo adadutsa osachitika kanthu. Boma lidafuna kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, khoti lidaimitsa, ndipo moyo wa kumudzi udapitirira ngati kale, kupatula kusukulu kokha. Ana anga ndinkakumana nawo akuzula nyemba, ena akupirikitsa mbuzi, ena atasenza mabeseni a kabichi ndi mbatata ya kachewere kupita nawo kumsewu wa M1, pa tenofu ya Bembeke. Phala la m'mawa lomwe ankamwa kusukulu lidatha ndi kutsekako. Pali makomo omwe phala lija lidali chakudya chokhacho cha mwana kufikira madzulo, ndipo makolo ake sadachite kundiuza. Ndinkaonera pa milomo youma ya ana.

Cha mu Meyi kudabwera maphunziro a pawailesi, pulogalamu ija ya Tikwere pa MBC. Ndidasangalala zedi. Ana a sekondale nawo adapatsidwa maphunziro a pa intaneti omwe Airtel ndi TNM sankadula nawo bandulo. Zonsezi zidali zabwino ndipo omwe adazikonza adagwira ntchito. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno wailesi ili m'nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse, ndipo m'midzi yomwe imadyetsa sukulu yathu, ndikayenda khomo ndi khomo, sindidaone kuti tikuposa pamenepo. Wailesi ikapezeka, imafuna mabatire. Kafoni ka mabatani kamagwira wailesi, inde, koma pokhapokha mutalowetsa mahedifoni, ndipo moto ukatha mumakatchajitsa kwa munthu wa sola, kolipira. Mwana wa achimwene anga adali Fomu 3. Intaneti yaulereyo ankangoimva, pakuti pakhomo pawo padalibe foni yoti n'kutsegulira tsambalo.

Komabe chimene chidanditsegula maso si kusowa kwa mawailesi. Tsiku lina ndidapita pakhomo pomwe wailesi idalipo, mabatire atsopano, ana asanu atakhala pamphasa mwaulemu ngati ali m'tchalitchi. Idali nthawi ya masamu. Mphunzitsi wa pawailesi adafunsa funso la kuphatikiza, n'kukhala chete pang'ono kuti ana ayankhe. Ndimo mmene maphunziro amenewa adawakonzera: amasiya kampata koti mwana alankhule. Mtsikana wina adayankha mokweza, ndipo adalakwa. Wailesi idamuyamikira n'kupita pa funso lina. Iye adamwetulira. Kenaka mawu a pawailesi adapempha wothandiza ana kuti alembe nambala pomwe onse aone. Padalibe yemwe adadzuka. Mayi a pakhomopo adali pomwepo, mapazi khumi okha, akupeta mphale. Nditawafunsa pambuyo pake chifukwa chomwe sadayandikire, adandiyankha modabwa: "Zimenezo si za aphunzitsi kodi?"

Usiku umenewo sindidagone bwino. Mayi aja sadalakwe. Ndife tidawaphunzitsa zimenezo. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kholo la kumudzi timaliitana kusukulu pa zifukwa zodziwika: kudzaumba njerwa, kututa mchenga, kuphika phala, kupereka ya chitukuko, kapena kudzamva mlandu mwana akapalamula. Pa zaka zonse zomwe ndagwira choko sindidaitanepo kholo kuti tidzakambirane mmene mwana wake amawerengera. Tidawaika kunja kwa mpanda, ife n'kukhala m'kati ndi mabuku athu. Ndiye tsiku limodzi tidangotsegula chipata n'kuwauza kuti nawa ana anu, aziphunzira kunyumba.

Ndidapita kwa a hedi. Poyamba adakayika, ndipo ndidawamvetsa, chifukwa mabuku akatayika dzina lolembedwa ndi lawo. Tidaitana a tcheya a komiti ya sukulu, amayi atatu a mother group (gulu la amayi loyang'anira ana, makamaka atsikana, pasukulu), ndi a nyakwawa a midzi iwiri yoyandikana nafe. Tidakhala pansi pa mtengo, motalikirana, ena atavala masiki osoka ndi nsanza za chitenje. Amene adadula nkhani ndi mayi wina wa mother group, munthu wosalankhulalankhula. Adati, "A hedi, buku likang'ambikira m'manja mwa mwana ndi likadyedwa ndi chiswe m'kabati, chabwino n'chiti?" A hedi adatulutsa makiyi.

Tidagawa mabuku masiku atatu, mudzi ndi mudzi, kuti anthu asaunjikane. Pakhomo la ofesi tidaika mpondagiya ndi sopo. Kholo limabwera, kusamba m'manja, kulandira buku la Chichewa, n'kusayina m'kope. Wosatha kulemba ankadinda chala. Mabuku sadakwane mwana aliyense, choncho tidaphatikiza makomo: nyumba zinayi kapena zisanu zoyandikana, buku limodzi kapena awiri, ndipo ngati n'kotheka wailesi imodzi. Pagulu lililonse tidafuna munthu wokhala pambali pa wailesiyo, woti azilemba pamene yanena kuti lembani, ndi kumva ngati mwana wayankha zoona. Ena adali ana a Sitandade 7 ndi 8, ena anyamata omwe adalekeza Fomu 2 n'kumangokhala. Bolodi idali katoni yophwasula, choko adali makala. Ine ndidadzipatsa Lachiwiri ndi Lachinayi kuyenda m'magulumo, pena panjinga, pena wapansi kumene njinga siikwera.

Agogo a pamjigo aja adabwera tsiku lomaliza. Amalera mdzukulu wawo, mnyamata wa m'kalasi mwanga, wachete, wokhala kumbuyo nthawi zonse. Mayi ake adali ku Joni, ndipo chitsekereni zinthu ku South Africa ndalama zidasiya kubwera. Nyumba yawo ili payokha kumtunda, kutali ndi gulu lililonse, ndipo wailesi adalibe. Atadinda chala adaligwira bukulo ndi manja awiri n'kunena motsitsa mawu: "Madamu, ine sukulu sindidaiponde. Ngakhale 'a' sindimudziwa. Bukuli ndikalitani?"

Ndidawauza zomwe zidandibwerera pomwepo. "Agogo, 'a' musiyeni. Inu mukamatong'ola chimanga, mwanayu akhale pambali panu aziwerenga mokweza. Muzingomvera. Pamene sipakumveka bwino m'makutu mwanu, muuzeni abwereze." Adandiyang'ana ngati ndikuwanyengerera, koma adavomera.

Lachinayi lotsatira ndidakwera kumtunda kuja. Ndidawapeza pakhonde, lichero pamiyendo, mnyamata ali pambali. Ndidamulembera ziganizo zingapo m'kope mwake kuti awerenge ine ndikumva. Mwanayu adali ndi chizolowezi chomwe ana ambiri a Sitandade 3 ali nacho: amawerenga phatikizo loyamba ndi lachiwiri, zotsalazo n'kungolota. Pamene ndidalemba kuti galu akuuwa, iye adati galu akuuluka. Ndisadatsegule pakamwa, agogo adaimitsa manja. "Iwe, galu wa kuti ameneyo? Tabwereza." Mwana adabwerera, chala pa liwu, a-ku-u-wa. Agogo adati, "Eya, tsopano ndiye galu," n'kupitiriza kutong'ola.

Ndidakhala phee. M'kalasi la ana 118, mwana wakumbuyo akawerenga molakwa, mawu ake amamira m'mawu a anzake, ine osamva. Zaka zitatu mwanayu adakhala akubisala m'khwimbi. Apa padalibe pobisala, ndipo womugwira adali munthu wosadziwa lembo ngakhale limodzi. Agogo sankadziwa malembo, koma Chichewa ankachidziwa kuposa ine, ndipo chiganizo chopanda mutu sichikadadutsa m'khutu mwawo.

Kuchokera pamenepo zidayamba kuyenda mwa njira yomwe sindidaikonze. Buku lija adalimaliza, kulibwereza, mpaka mwana adayamba kuloweza, ndipo agogo adadandaula kuti akungoimba. Ndidawafunsa ngati amamuuza nthano. Adati masiku ano ana safuna nthano. Ndidawapempha kuti ayesere: usiku, pamoto, anene nthano imodzi, m'mawa mnyamata alembe mizere itatu kapena inayi ya zomwe wamva, kenaka awawerengere. Mu Juni ndi Julayi kuno anthu amalowa msanga m'nyumba chifukwa cha chisanu, ndiye usiku ndi wautali. Agogo amati, "Padangokhala," mwana n'kuvomera, "Tili tonse." M'mawa ankalemba za Kalulu ndi Njovu, za Fisi wadyera, malembo opendama, ena ogadama. Akamawerenga, agogo amamudula: "Sindidatero ine. Kalulu sadathawe asadamwe madzi." Iye amafufuta n'kukonza. Pofika Ogasiti kope lidadzaza, ndidamugulira lina. Masamu tinkachitira pa nyemba ndi pa mbale za ufa: pakhomo pali mbale zingati, tikamadya ziwiri patsiku zitha liti. Funso limenelo kwa iwo silidali la m'buku, ndipo mwanayo ankalipeza msanga kuposa masamu onse omwe ndidamupatsapo pabolodi.

Zomwe ndidaona kumtundako ndidapita nazo m'magulu ena. Ndidasiya kufunsa makolo kuti adalekeza kalasi yanji, chifukwa funsolo limangowachititsa manyazi n'kuwabweza m'mbuyo. Ndidayamba kufunsa kuti madzulo amakhala pati, akuchita chiyani, ndipo mwana angakhale pambali pawo mphindi zingati. Mayi wogulitsa tomato ankauza mwana kuti amulembere za ngongole za makasitomala. Bambo wina wa mpingo ankawerengetsa mwana wake nyimbo za m'buku la kutchalitchi. Si onse adalola. Makomo ena ndinkafika n'kupeza buku lili padenga, m'jumbo momwe ndidaliperekera, chifukwa mayi amaopa kuti likada adzalipitsidwa. Ena adali ndi mavuto oposa kuwerenga: matenda, njala, ukwati ukugwedezeka. Pamakomo otere ndidaphunzira kukhala pansi kaye, kumva za pakhomo, nkhani ya buku n'kudzabwera pomaliza kapena osabwera n'komwe tsiku limenelo.

Ya abambo ndi mawailesi awo nayo ndiinene. M'gulu lina wailesi idali ya bambo wina wolima kudimba, ndipo m'mawa uliwonse ankaikoleka paphewa n'kutsetsereka nayo. Amayi atadandaula, ndidapita kukawaona. Adandilandira bwino koma adanena mosabisa: "Aphunzitsi, wailesiyi ndi yanga, mabatire ndimagula ndekha, ndipo dziko lili pa chisankho." Adali kunena zoona. Khoti lidali litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo chobwereza chidali pa 23 Juni. Mwamuna aliyense ankafuna kumva zomwe zikuchitika. Sindidalimbane nawo. A nyakwawa ndi amene adapeza njira: makomo asanu aja azisonkha mabatire mosinthana, ndipo m'malo moti wailesi itsale kumudzi, ana azitsatira wailesi kudimba pa ola la phunziro. Ankakhala pansi pa mtengo wa mapichesi m'mphepete mwa dimbalo. Masiku oyamba bamboyo ankangothirira mbatata yake ngati sakumva. Sabata yachitatu ndidawapeza atagwira khala, akulemba pakatoni, akudzudzula mwana wa mnansi wawo kuti 6 wamulemba chagada. Adalekeza Sitandade 6 kalekale, ndipo chilekereni padalibe yemwe adawapemphapo kuti agwiritse ntchito zomwe adaphunzirazo.

Ndikadakonda nkhani ikadathera pamenepa. Koma m'gulu lina wothandiza ana adali mtsikana wa Sitandade 7, wa zaka 15, wanzeru, wolemba bwino kuposa anyamata onse omwe tidawasankha. Ana ankamukonda. Lachinayi lina mu Julayi sindidamupeze. Adati wapita kuchigayo. Lachinayi linalo adati ali kwa azakhali ake. Ndidakhulupirira, ndidaika mnyamata wina m'malo mwake, n'kupitiriza ulendo wanga, maganizo ali pa mabuku ndi mabatire. Mu Ogasiti ndi pamene mayi wina wa mother group adandinong'oneza kuti mwanayo ali tsidya lina la malire, ku Angonia m'dziko la Mozambique, pakhomo pa mwamuna wogula mbatata. Masabata awiri oyamba aja ndikadafunsitsa, mwina tikadamupeza asadawoloke. Ndinkayendera gulu lake kawiri pa sabata, ndipo sindidamufunsepo ngakhale kamodzi kuti kwawo zikuyenda bwanji. Ndinkamuona ngati wondithandiza, kuiwala kuti nayenso ndi mwana.

Tidapita kwa makolo ake, ine, amayi awiri ndi a nyakwawa. Bambo ake sadakwiye. Adalankhula motopa. "Mukuti adikire sukulu. Sukulu yake iti? Mwatseka mu Malichi, lero ndi Ogasiti. Pakhomo pano palibe chakudya." A nyakwawa adawakumbutsa kuti malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, komanso kuti kumunsi kuno, kwa Inkosi Kachindamoto, mafumu adalamulidwa kuthetsa maukwati onse a ana omwe adachitika sukulu zili zotseka. Bamboyo adangoweramitsa mutu. Lamulo adalimva, koma mwana adali m'dziko lina, ngakhale kuti kuchokera pakhomo pawo ndi ulendo wa njinga.

Pambuyo pake kafukufuku wa boma adaonetsa kuti m'miyezi yotseka sukuluyo m'dziko muno mudachitika maukwati a ana pafupifupi 13,000, ndipo atsikana oposa 40,000 adatenga pathupi. Manambalawa ndikawamva ndimaona nkhope imodzi. Amayi a mother group sadatope, adapitako kangapo, ndipo mtsikanayo adabwerera kwawo chakumapeto kwa chaka ali woyembekezera. Ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo tidamuuza, tidamusungira malo. Sadabwere. Ndimakumana naye pamsika, amandipatsa moni wa ulemu, "Madamu, mwaswera bwanji," ndipo ndimamukumbutsa nthawi zonse kuti malo alipo. Amamwetulira n'kuyang'ana kumbali. Anyamata nawo tidataya angapo, ena ku maganyu m'minda ya ku Mozambique, wina adapita ku Lilongwe kukayamba kabaza, koma za iwo sizidalembedwe paliponse.

Kuyambira nthawi imeneyo ndidasintha mayendedwe anga. Ndikafika pagulu ndinkayamba ndi kuitana mayina, ngati m'kalasi, ndipo mwana akasowa kamodzi kokha ndinkapita pakhomo pawo tsiku lomwelo, osadikira kuuzidwa. Amayi a mother group adagawana atsikana akuluakulu, aliyense ake oti aziwayendera. Tidalemba nambala ya 116, yaulere ija yothandiza ana, pachikuto cha kope lililonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero, koma mwambiwu umafuna miyendo.

Sukulu zidatsegulidwa pang'onopang'ono: a Sitandade 8 ndi Fomu 4 pa 7 Seputembala, enafe pa 12 Okutobala. Sabata yoyamba ndidawerenga ana 97. Pofika Disembala adakwana 104. Tidawagawa m'magulu obwera mosinthana, ndowa ya madzi pakhomo la kalasi. Sindinganene kuti maulendo athu adachita zozizwitsa. Ana ambiri adabwerera ataiwala zomwe ankadziwa mu Malichi, ndipo ndidayambiranso pa maphatikizo ngati Sitandade 1. Koma ndikamuimika mwana payekha kuti awerenge, ndinkatha kudziwa ngati kwawo kudali munthu womumvera. Sizinkatengera kuti kwawo kuli wailesi kapena ayi, kapena kuti makolo ake adaphunzira. Mnyamata wa kumtunda uja adadzuka yekha, osamuloza, n'kuwerenga ndime yonse mokweza. Pena adakhumudwa, n'kudzibweza yekha ndi mawu omwe aja a agogo ake: "Ayi, ndibwereze."

Mabuku adabwerera ambiri kuposa mmene a hedi ankaopera. Adali akuda, onunkha utsi, ena okutidwa ndi pepala la thumba la simenti, ena ndi mapaketi a shuga. Agogo aja adabwera okha ndi lawo. Masamba awiri adali atathothoka, ndipo adanyamula mbale ya nyemba kuti alipire. A hedi adakana kulandira. Adakangana mwaulemu kwa kanthawi, mpaka nyembazo zidapita kwa amayi ophika phala.

Chaka chatsopano cha sukulu chidayamba kumayambiriro kwa Januwale 2021, ndipo matenda adabweranso mwamphamvu kuposa poyamba. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Ulendo uno padalibenso wonena kuti ndi matenda a pawailesi, pakuti maliro adafika pafupi. Patangopita masiku owerengeka Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti sukulu zitsekedwenso, ndipo zidakhala zotseka mpaka pa 22 Febuluwale. M'mawa wa tsiku lotsekeralo a hedi sadadikire msonkhano. Ndidawapeza atatsegula kale makabati, mabuku ali pathebulo panja, kope losayinira lili pambali.

Mvula inkagwa ya mawawa. Munthu woyamba pamzere adali agogo aja, atafunda jumbo kumutu, matope mpaka m'maondo. Mdzukulu wawo adali atakwera Sitandade 4, sadalinso wa m'kalasi mwanga. Adasamba m'manja pa mpondagiya, kudinda chala, kulandira buku, kulikulunga m'chitenje kuti lisanyowe. Atatembenuka kuti azipita adandiona pakhonde.

"Madamu, Lachinayi mubwera?"

Ndidati ndibwera.

"Mubwere ndi kope. Lija ladzaza."